Tingatani kuti oonerera azitiuza zoona tikamaliza sewero?

Nachisale wa ku Turffontein

Moni nonse abale ndi alongo okhala muno mu Johannesburg. Ine ndili m'gulu la zisudzo lomwe linayambira ku mpingo wathu. Ambiri mwa ife timagwira ntchito za m'nyumba, ena amasamala maluwa m'mayadi, ena ndi matelala, moti nthawi yokonzekera masewero timaipeza Lamlungu masana mapemphero akatha. Takhala tikusangalatsa anthu pa zikondwerero za mpingo ndi pa misonkhano ya bungwe lathu lothandizana pa maliro, koma tsopano tikufuna kukonza tsiku lapadera loti Amalawi anzathu adzaonere masewero awiri aafupi, kenaka akhale pansi n'kutiuza maganizo awo, kuti tidziwe poyenera kukonza tisanapite nawo kwa anthu ambiri. Sewero loyamba likukamba za bambo amene anabwera ku Joni, n'kusiya kutumiza ndalama kumudzi, mpaka mkazi wake anamulondola n'kutsikira pa siteshoni ya mabasi ya Park Station ali ndi mwana kumsana. Lachiwiri likukamba za mkangano wa zopereka pamene mtembo ukuyenera kutumizidwa kumudzi.

Chondivuta n'chakuti tikafunsa anthu kuti aliona bwanji sewero, yankho limakhala limodzi lokha: "Zinali bwino, pitirizani, Mulungu akudalitseni." Mawu amenewa timawalandira ndi manja awiri, koma satithandiza kukonza kanthu. Akaimirira munthu woti ayankhule motalikirapo amakhala mkulu wolemekezeka, amene amatenga nthawi yonse kutambasula phunziro la sewero, ndipo iye akakhala pansi palibenso mayi kapena wachinyamata amene angawonjezerepo. Zoona zake timadzazimva patapita masiku, m'takisi kapena pa WhatsApp, kuti okhala kumbuyo sanamve mawu, kapena kuti zimene tinaonetsa sizichitika choncho. Ndikupempha nzeru kwa amene munachitako zotere. Kodi zokambiranazo azitsogolera ndani, tiziwafunsa chiyani anthu, ndipo kodi ochita sewero ali ndi ufulu woyankha akadzudzulidwa?

aPhiri a ku Mayfair

Mayi Nachisale, mwafunsa nkhani yofunika, ndipo ndiyambe ndi kukana ganizo limene ena angakhale nalo, loti Mmalawi ndi munthu woonerera mwakachetechete. Tinakulira pa nthano, pamene wokamba akati "padangokhala" sangapitirire ngati omvera sanavomere kuti "tilitonse". Amene tinaonerako Kwathu Drama Group kapena Izeki ndi Jakobo ku French Cultural Centre mu Blantyre tikukumbukira kuti anthu ankakuwa, kulangiza ndi kutsutsa ali pampando, sewero lili mkati. Anthu omwewo ndi amene akukuyankhani kuti "zinali bwino". Choncho vuto silili mwa iwo, lili m'funso limene mukuwapatsa. Mukamufunsa munthu pagulu kuti aweruze mnzake amene waima patsogolo pake thukuta lili kamukamu, amene amapemphera naye ndipo mwina ndi amene anamupezera ntchito, mukumupempha kuti achite mwano, ndipo iye adzasankha ulemu nthawi zonse.

A Travelling Theatre a ku Chancellor College ku Zomba anakumana ndi zimenezi kalekale. Atapita ku Mbalachanda m'boma la Mzimba mu 1981, komanso pa ntchito ya zaumoyo m'midzi yozungulira Liwonde pakati pa zaka za m'ma 1980, sanadalire kufunsa anthu pamapeto ngati sewero lawasangalatsa. Ankayamba aphunzira mavuto a m'mudzimo, monga a zitsime ndi zimbudzi, n'kupanga sewero kuchokera pamenepo, ndipo nkhani ikafika pothina wochita sewero ankatembenukira kwa anthu n'kuwafunsa kuti iwo akuti achite chiyani. Anthu ankayankha momasuka chifukwa ankakamba za moyo wawo, umene amaudziwa kuposa wophunzira aliyense wa ku koleji. Inunso afunseni zimene akuzidziwa. Musati "kodi tachita bwino?" koma muti "inu amene munatsikirapo pa Park Station koyamba, kodi mayi uyu akanachitadi chonchi?" Mudzaona manja ali m'mwamba, ndipo poyankha funso limenelo adzakhala akukuuzani pamene sewero lanu lapunduka, popanda kunyoza munthu.

Za wotsogolera, asakhale amene analemba sewero kapena amene anaphunzitsa ochita, chifukwa ameneyo mtima umamupweteka ndipo amayamba kudziteteza. Pezani mkhalapakati, munthu wodziwika ndi mbali zonse, wa nthabwala pang'ono, wotha kudula munthu mawu popanda kumuchititsa manyazi. Za akuluakulu a mpingo, mwambo wathu womwe ukuthandizani: pabwalo la milandu mfumu imayankhula pomaliza. Pitani kwa mkuluyo tsiku lisanafike, mumupemphe mwaulemu kuti iye ndiye adzamange zonse ndi kutseka ndi pemphero. Adzaona kuti mwamulemekeza, ndipo ena onse adzakhala atayankhula kale iye asanatsegule pakamwa.

Mnyamata wa ku Braamfontein

Zikomo bambo Phiri, mwayala maziko abwino. Ine ndiwonjezere ndondomeko imene imagwiritsidwa ntchito kwambiri ndi anthu a zaluso, yomwe inakonzedwa ndi Liz Lerman, katswiri wa magule wa ku America, cha m'ma 1990. Ubwino wake ndi wakuti imachedwetsa chiweruzo mpaka pamapeto, ndipo ndikuona kuti ikugwirizana ndi ulemu wathu.

Poyamba mkhalapakati amafunsa oonerera chimene chawakhudza, chawadabwitsa kapena chatsala m'mutu mwawo. Apa sakufuna mawu akuti "zabwino" kapena "zoipa", akufuna chinthu chenicheni, monga munthu kunena kuti sakuiwala mmene mayi uja anamasulira mfundo ya chitenje kuti awerenge ndalama zimene zamutsalira. Ochita sewero akamva zotere amadziwa chimene chagwira, ndipo sachitaya pokonza. Kenaka ochita sewero ndi amene amafunsa, ndipo mafunso awo amakhala atawakonzeratu. Mwachitsanzo angafunse kuti anthu anazindikira pa nthawi iti kuti bamboyo ali ndi mkazi wina. Ngati theka la holo linazindikira mochedwa, mwadziwa kuti chiyambi chanu sichikumveka, ndipo palibe amene wanyozedwa. Gawo lachitatu ndi la oonerera kufunsa mafunso opanda chiweruzo mkati mwake, ndipo limeneli ndi lovuta kuposa onse. Munthu akati "n'chifukwa chiyani mkangano wa zopereka uja unatalika chonchi?" waweruza kale. Mkhalapakati amamuthandiza kulitembenuza kuti likhale "munaganiza zotani posankha kutalika kwa mkangano uja?" Pomaliza penipeni mpamene munthu amanena maganizo ake, koma amayamba wapempha: "Ndili ndi maganizo pa zovala za apolisi aja, kodi mukufuna kuwamva?" Wochita sewero ali ndi ufulu wovomera kapena kunena kuti adzamva tsiku lina. Pa funso lanu lachitatu, mayi, yankho ndi limeneli: amayankha akafunsidwa funso, koma akapatsidwa maganizo amangothokoza, sayamba mtsutso.

Pali njira inanso yochokera kwa Augusto Boal wa ku Brazil, amene anaikhazikitsa m'zaka za m'ma 1970. Sewero limaonetsedwa kamodzi mpaka kumapeto koipa, kenaka limabwerezedwa, ndipo woonerera aliyense angathe kuliimitsa, kukwera pa nsanja, n'kulowa m'malo mwa munthu woponderezedwa uja kuti ayese njira yake, pamene ochita ena akupitiriza kumuvutitsa monga zimakhalira m'moyo. Sewero lanu la zopereka za maliro lingayende bwino motere, chifukwa aliyense m'holomo anakhalapo pa msonkhano wotero. Koma dziwani kuti njira imeneyi imayesa nkhani, siyesa luso la ochita. Ngati mukufuna kudziwa ngati mawu akumveka ndi ngati nkhope zikunena zoona, njira ya Lerman ndiyo yoyenera.

Musaiwalenso kuti tikukhala mu mzinda wa zisudzo. Ku yunivesite ya Wits kuli Drama for Life, imene imaphunzitsa zisudzo zothandiza anthu m'madera. Ku Newtown kuli Market Theatre, imene inatsegulidwa mu 1976 m'nyumba yomwe kale inali msika wa zipatso, ndipo chikondwerero chake cha Zwakala chimathandiza magulu a m'madera kukonza masewero awo mothandizidwa ndi akatswiri. Ku Jabulani kuli Soweto Theatre, yotsegulidwa mu 2012. Gulu lanu litasonkha ndalama n'kukaonera sewero limodzi pamodzi, kenaka n'kukambirana lokha pogwiritsa ntchito magawo anayi aja, lingaphunzire kudzudzula ndi kudzudzulidwa pa ntchito ya anthu ena lisanayese pa yake.

Nabanda wa ku Randburg

Achimwene a ku Braamfontein, ndondomeko yanu ndi yabwino, koma ndikufuna ndikambe za munthu amene waima kutsogoloyo, chifukwa ine ndakhalapo pamenepo. Ndinachitapo gawo la mkazi wolanda mwamuna wa mwini, ndipo titamaliza, pa nthawi ya zokambirana, mayi wina anaimirira n'kundiloza chala akunjenjemera, n'kunena kuti akazi ngati ine ndi amene tikupha mabanja kumudzi. Sankanena za sewero ayi. Mwamuna wake anamuchitadi zimenezo, ndipo ine ndinali nditavalabe wigi ndi nsapato zazitali za gawo lija. Anthu anaseka, koma ine ndinapita kunyumba mtima uli wolemera, ndipo mayiyo anatuluka akulira popanda womutsatira.

Choncho achemwali a ku Turffontein, masewero anu onse awiri akukhudza zilonda zimene anthu ali nazo, ndipo muyenera kukonzekera. Sewero likatha pakhale kanthawi kopuma, anthu amwe tiyi kapena aimbe nyimbo imodzi, ochita sewero akavule zovala za gawo, asambe kumaso, abwere atavala zawo. Mkhalapakati awatchule mmodzimmodzi mayina awo enieni ndi kwawo kumudzi, kuti aliyense aone kuti uyu ndi mwana wa ku Dedza kapena wa ku Mangochi amene amapemphera naye, si mkazi wa m'sewero uja. Asakhale pa nsanja ngati oimbidwa mlandu, atsike akhale pa mipando yofanana ndi ya anthu, mozungulira. Pakhalenso mayi mmodzi ndi bambo mmodzi achikulire okhala pafupi ndi khomo, oti munthu akatuluka misozi ili m'maso amutsatire.

Za amayi osayankhula, musayembekeze kuti mayi adzanena pamaso pa amuna ndi akulu a mpingo kuti zimene zaonetsedwazo zinamuchitikira, kapena kuti mwazichepetsa. Agaweni anthu kwa mphindi khumi kapena khumi ndi zisanu, amayi paokha, abambo paokha, achinyamata paokha, ndipo gulu lililonse lisankhe womuyankhulira. Mawu akabwera ngati a gulu, palibe amene amaloza mwini wake. Timapepala tolemba maganizo timathandizanso, koma kumbukirani kuti si onse amene amamasuka ndi cholembera, ndipo munthu wotero sadzakuuzani, adzangopinda pepala lopanda kanthu. Nenaninso poyera kuti aliyense ayankhule chiyankhulo chimene mtima wake umayankhula. Amalawi a muno ambiri ndi Ayao, ena Atumbuka, ena Atonga a ku Nkhata Bay, ndipo munthu amene Chichewa chake n'chokokera adzakhala chete ngati akuopa kusekedwa. Ngati mukufunanso abale athu achisilamu a ku Fordsburg ndi Mayfair, ganizirani holo ya sukulu kapena ya m'dera m'malo mwa tchalitchi.

Pali chinthu china chimene sindikufuna muchipeputse. Musalole kujambula vidiyo pa nthawi ya zokambirana. Sewero lokha ajambule ngati ochita avomera, koma mafoni atsike anthu akayamba kuyankhula. Pakati pathu pali ena amene mapepala awo sali bwino, ena akuopa abwana awo, ena akuopa kuti mawu awo afika kwa apongozi kumudzi dzuwa lisanalowe. Munthu amene akuona foni itamuloza adzanena "zinali bwino" basi. Ndiponso yambani msanga kuti mumalize kukadali kowala, makamaka m'miyezi ya June ndi July pamene mdima umagwa msanga, chifukwa wokwera matakisi awiri kubwerera ku Diepsloot kapena ku Cosmo City sadzadikira zokambirana, ndipo kawirikawiri ameneyo ndi amene ali ndi mawu amene mukuwafuna.

Malume wa ku Yeoville

Ndawerenga zonse ndipo ndikugwirizana ndi zambiri, makamaka za mayi Nabanda, koma ndikusiyana nanu pang'ono pa kulemera kumene mukupereka ku zokambirana za pamapeto. Mwa kuona kwanga, yankho loona kwambiri anthu amapereka sewero lili mkati, osadziwa kuti akuyankha. Ikani munthu mmodzi kumbuyo kwa holo ndi kope, amene ntchito yake ndi kuyang'ana oonerera osati nsanja. Alembe pamene anthu aseka, ndi ngati anaseka poyenera kuseka. Alembe pamene mafoni ayamba kuwala m'manja, pamene ana ayamba kuyendayenda, pamene wina afunsa mnzake kuti "wati chiyani?", ndi pamene holo yonse yangoti zii mpaka wokazinga mandasi panja kusuzumira pakhomo. Zimenezi ulemu sungazibise. Mukaziphatikiza ndi zimene anthu anena pambuyo pake, mudzadziwa mawu oti muwakhulupirire.

Chachiwiri, kumva maganizo a anthu sikutanthauza kuwamvera onse. Ndikukuuziranitu kuti ambiri adzapempha kuti bambo wothawa banja uja alape pamapeto, agwade, mkazi amukhululukire, onse aimbe nyimbo. Adzapempha choncho chifukwa ndi zimene mitima yathu imalakalaka, ndiponso masewero ambiri a ku mpingo anatizoloweza kutha motero. Koma amayi amene anatsikiradi pa Park Station akudziwa kuti nthawi zambiri sizitha choncho, ndipo mukawapatsa mapeto okoma abodza adzaomba m'manja koma sadzakukhulupiriraninso. Oonerera amadziwa bwino pamene asochera, pamene atopa, ndi pamene mwanama za moyo wawo, ndipo pa zitatu zimenezi muwamvere kotheratu. Koma mmene mungakonzere ndi ntchito yanu. Munthu akati "pakati paja panatalika, chotsanipo mkangano", gawo loyamba la mawu akewo ndi umboni, lachiwiri ndi ganizo chabe. Mwina mkanganowo ndi wofunika, ndipo chotalikitsa ndi moni wautali amene waikidwa patsogolo pake.

Barney Simon, mmodzi mwa amene anayambitsa Market Theatre pamodzi ndi Mannie Manim, ankadziwika ndi kutumiza ochita zisudzo m'misewu ya mzinda uno kuti akaone ndi kumvetsera anthu enieni asanapange sewero. Ine ndikuona kuti apa mpamene magulu athu ambiri amafookera. Timafunsa anthu sewero litapsa kale, pamene tikanawafunsa lisanatereke. Musanafike tsiku lanulo, khalani pansi ndi msungichuma wa bungwe lanu la maliro, akufotokozereni mmene mkangano weniweni umayambira, mawu amene anthu amaponyerana, za amene sanasonkhe miyezi ingapo koma wamwalira ndi m'bale wake, za mapepala a mtembo ndi za galimoto yodutsa pa Beitbridge ndi pa Mwanza. Mukatero, theka la zodzudzula zimene mukanamva pa tsikulo mudzakhala mutazikonza kale.

Nachisale wa ku Turffontein

Ndathokoza kwambiri nonse, bambo Phiri, achimwene, achemwali anga a ku Randburg ndi amalume. Ndawerengera anzanga mayankho anu ndipo tagwirizana kuti tipeze mkhalapakati wochokera kunja kwa gulu, tipume tisanayambe kukambirana, tigawe anthu m'magulu, ndiponso mafoni atsike. Za mapeto a sewero loyamba takangana ndithu, chifukwa ena mwa ife akufunadi kuti bamboyo alape, ndipo nkhaniyo sinathe. Pali zinthu ziwiri zimene sitinamvane. Ena akuti tilipiritse pakhomo kuti tipeze ndalama ya holo, ena akuti munthu amene tamuitana kudzatithandiza maganizo sitingamulipiritsenso. Komanso tikufunsa ngati n'koyenera kudzaitananso anthu omwewo tikakonza masewerowo, kapena tidzawatopetsa.

aPhiri a ku Mayfair

Mayi, pa tsiku loyambalo musaike mtengo pakhomo. Mukuonetsa ntchito yosatha ndipo mukupempha thandizo, choncho nenani zimenezo poyera poitana anthu, kuti asabwere akuyembekezera sewero lomalizidwa. Munthu amene walipira amabwera ngati wogula, ndipo amakwiya kapena kungokhala chete, pamene woitanidwa amabwera ngati mnansi wodzatsina khutu. Ikani mbale patsogolo kuti wokondwa afupe monga timachitira pa gule, koma mbaleyo iyende zokambirana zitatha, kuti wina asaganize kuti ndalama yake yamugulira mawu aakulu kuposa a anzake. Ndalama ya holo sonkhani nokha kapena pemphani bungwe lanu, ndipo mudzaibweza pa tsiku la sewero lenileni, pamene mudzalipiritse popanda manyazi.

Za kuwaitananso, aitaneni ndithu, ndipo musanayambe mkhalapakati anene mwachidule zimene munamva ulendo watha, zimene mwasintha, ndi zimene mwazisiya mmene zinalili pamodzi ndi chifukwa chake. Ngati gulu la amayi linati mayi uja sakanapita yekha kukagogoda pa chitseko cha mwamuna wake koma akanayamba wafunafuna munthu wa kumudzi kwawo kuti amuperekeze, ndipo inu mwakonza motero, nenani kuti ganizoli linachokera kwa amayi, osatchula dzina la munthu. Pa mkangano wanu wa mapeto, popeza simunamvane, konzani mapeto onse awiri, aafupi, muwaonetse motsatizana pa tsiku loyambalo. Musawafunse anthu kuti akonda ati, chifukwa adzasankha okoma. Afunseni kuti ndi ati amene anawaonapo ndi maso awo pakati pa abale ndi anansi muno mu Joni, ndipo funso limenelo liyambe kuyankhidwa m'magulu aja, amayi ali paokha.